Wapambana Tenda ya Boma, Koma Malipiro Adzabwera Liti?

Malamulo oyendetsera kagulidwe ka katundu m'boma ndimawalemekeza, ngakhale kuti amalemetsa ife amalonda ang'onoang'ono. Aliyense amene akukumbukira Cashgate ya mu 2013, pamene makampani ena ankalandira macheke a boma osaperekako ngakhale bolopeni imodzi, akudziwa zimene zimachitika ndondomeko zikatayidwa. Lamulo la 2017, lomwe linabweretsa bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, linalimbikitsa mpikisano wapoyera, ndipo zimenezo n'zoyamikika.

Wofuna kugulitsa ku boma ayenera kulembetsa bizinesi yake, kutenga setifiketi ya ku bungwe lotolera misonkho la MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, komanso kulembetsa ku PPDA. Pa katundu wochepa, ofesi imafuna makoteshoni, kapena kuti mitengo yolembedwa ya ogulitsa, osachepera atatu. Pa katundu wambiri, tenda imalengezedwa m'nyuzipepala, envulopu yomata imaponyedwa m'bokosi nthawi isanakwane, kenaka mitengo imawerengedwa mokweza pamaso pa onse opikisana. Amene anakhalapo m'chipinda chotere amadziwa mmene mtima umagundira mlembi akamang'amba envulopu ya mnzako n'kutchula mtengo wotsikirapo kuposa wako.

Chimene chimandipweteka ndi zomwe zimachitika katundu akaperekedwa. Ndinaperekapo mapepala ndi inki ya printa ku ofesi ina ya boma, woyang'anira sitolo anawerenga makatoni onse n'kusaina, invoisi ndinapereka, koma miyezi inadutsa ndikungouzidwa kuti ndalama sizinabwere. Nthawi yonseyo ngongole imene ndinagulira katunduyo inali ikubereka chiwongoladzanja, ndipo kwacha inali ikutsika mphamvu. Wamalonda amene anapereka mtengo wake kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kudzalipidwa pambuyo pake, analandira ndalama zosakwana kuoda katundu yemweyo kachiwiri.

Kampani yaikulu imatha kudikira chifukwa banki imaidziwa. Mayi wosoka mayunifolomu kapena mnyamata wopala madesiki a sukulu alibe pothawira koma kwa akatapira. Choncho ngakhale boma linaika ndondomeko mu 2020 yoti mabizinesi ang'onoang'ono azipatsidwa mwayi wapadera, ambiri amapambana kamodzi n'kulumbira kuti sadzayesanso. Otsalawo amakweza mitengo dala kuti aphimbe miyezi yodikira, ndipo amene amalipira mtengo wokwerawo ndi wokhoma msonkho. Choipitsitsa n'chakuti kuchedwaku kumatsegula khomo la ziphuphu, pakuti munthu wothedwa nzeru sachedwa kupereka kangachepe kuti fayilo yake ichoke pansi pa mulu.

Pempho langa kwa makomiti ogula katundu m'maunduna ndi m'makhonsolo ndi lakuti asamalengeze tenda ndalama zake zisanapezeke, ndiponso kuti ofesi yochedwetsa malipiro izilipira chiwongoladzanja monga momwe ife timadulidwira chindapusa tikachedwa kupereka katundu.