Magizimo Osowa ku Limbe

Abwana a golosale ina yopikulitsa ku Limbe anandiitana kuti ndiwonjezere kope la ngongole mu OFBiz. Iyi ndi pulogalamu yaulere ya Apache yoyendetsera bizinesi, ndipo ndi ine amene ndinawaikira. Masitoko, malisiti ndi maoda zonse zinali kuyenda bwino, koma anthu aku America amene anailemba sanaganizire za mayi wa ku Bangwe wotenga mabelo a shuga lero n'kudzalipira akagulitsa.

Ntchito yake si yolemetsa. Kale tinkaponya zowonjezera zathu, zotchedwa mapulagini, mu foda ya hot-deploy, koma chichokereni pa Ant kupita pa Gradle, zida zomangira pulogalamuyi, umangolemba gradlew createPlugin, kupereka dzina, basi chigoba chonse chabadwa mu plugins: entitydef ya matebulo, servicedef, widget ya masikirini, ndi ofbiz-component.xml youza pulogalamuyo kuti m'banja mwabwera mwana. Yanga ndinaitcha ngongole. Loweruka madzulo ndinamaliza, n'kukwera minibasi ya ku Ndirande.

Tili pa Chichiri, foni kulira. Anali mphwawo wa abwana, mnyamata amene m'shopu monse amamutcha injiniya chifukwa amatha kusintha inki ya printa.

"Achimwene, tsamba lanu lija likukana kutseguka."

Ndinadziwa kuti zilolezo za pulagini yatsopano sizinalowe m'database, nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zonse. Ndinayamba kumufotokozera pang'onopang'ono, kondakitala akundigwedeza phewa kuti ndilipire, mayi wina atandikhazika dengu la tomato pamiyendo. Ndisanafike pakati, mayunitsi ake anatha. Injiniya sanataye mtima. Anatsegula README, fayilo ya malangizo a pulogalamuyo, n'kupeza mzere woyambirira umene unaoneka waulemu, gradlew cleanAll loadAll, n'kuukopera wonse.

Amene simunakumane nawo mawu awiriwa, cleanAll ndi loadAll, mverani. Loyambalo limasesa chilichonse chimene pulogalamu yasunga, kuphatikizapo database ya Derby imene imabwera nayo. Lachiwirilo limadzaza m'nyumba mosesedwamo ndi katundu wachitsanzo. Derby ndi yoyeserera chabe, ndipo ndinali nditawauza abwana kuti tisamukire ku database ina yolimba yotchedwa PostgreSQL, koma iwo anati chinthu chikuyenda sachikhudza, makamaka ngati kuchikhudzako n'kolipira.

Lolemba m'mawa ndinapeza mzere wa ogula utafika pakhonde. Mtsikana wa pa kauntala analemba shuga, palibe. Sopo, palibe. Mafuta ophikira, mchere, machesi, zii. M'malo mwake munali Tiny Gizmo, Round Gizmo ndi Micro Chrome Widget, mitengo yake ili m'madola.

Abwana anavala magalasi, kuwavula, kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso.

"Iwe, magizimowa tinaoda liti?"

"Bwana, zimenezo ndi zachitsanzo chabe."

"Chitsanzo chili ndi mtengo? Chitsanzo chili m'sitoko?"

Apa ndiye panavuta, chifukwa sikirini inkaonetsadi kuti magizimo alipo m'nyumba yosungira katundu. Anatuma anyamata awiri kukafufuza. Anasuntha matumba a ufa, kugubuduza migolo, kutuluka ali mbuu ngati ochokera kuchigayo, opanda gizimo ngakhale imodzi. Mlandu unagwera mlonda, mkulu wa ku Thyolo amene wakhala pageti pamenepo kuyambira ine ndisanamere ndevu.

Ndili mkati mochonderera kuti amusiye mkuluyo, anafika mayi wa ku Bangwe uja kudzafunsa kuti ngongole yawo yatsala zingati. Tinafufuza dzina lawo, palibe. Ogula onse anali atasanduka munthu mmodzi wotchedwa DemoCustomer. Mayiwo anayang'ana kumwamba, kuyimba nthungululu m'shopu momwemo, n'kunena kuti sabata yonse akhala akusala kudya chifukwa cha ngongole imeneyi. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, ndipo anthu amene samaoneka miyezi anabwera okha kudzaonetsetsa kuti nawonso afufutidwa.

Ndinafunsa za fulashi ya backup, mmene ndinakoperamo zonse, imene ndinasiya m'dirowa. Injiniya anayang'ana pansi. Anali ataipukuta kuti aikemo nyimbo za pa chinkhoswe cha mlongo wake.

Anatipulumutsa ndi amayi a maakaunti, amene tsiku lomwe ndinaika kompyuta ananena kuti iwo ndi kope lawo lachikuto cholimba adzasiyana kumanda. Analitulutsa m'chikwama mosafulumira, kunyambita chala, kutsegula tsamba la Bangwe n'kuwerenga mokweza ndalama yonse mpaka matambala. Nthungululu zinathera pomwepo. Mayi wa ku Bangwe uja anandiyang'ana ine, osati kopelo.

Usiku umenewo ndi ena otsatira ndinakhala ndikulowetsanso katundu mmodzimmodzi, amayi a maakaunti akundiwerengera, n'kumandidzudzula ndikaphonya kachizindikiro ka koma. PostgreSQL abwana anavomera, ndalama yake n'kuidula pa malipiro anga. Injiniya anamukweza kukhala woyang'anira makompyuta, poti ndiye anaona vuto poyamba.

Nditapita kukapepesa mlonda kuti anavutikira zinthu zoti kulibe, mkuluyo anandikokera kuseri kwa geti.

"Mwanawe, usandipusitse. Magizimowo ndinawaona ndi maso angawa Lachisanu, anyamata a lole akukweza. Ndangokhala chete poti mmodzi ndi mkamwini wanga."