Mphaka wa m'buku ndi mphaka wa azakhali

Loweruka, ku Ulongué.

Lero kunacha ndi chisanu cha ku Angónia chija cholowa mpaka m'mafupa. Ndinathamangira kumsika kukagula mbatatesi ndi nsomba ziwiri za Chicoa, pobwera n'kukhala pakhonde kuti ndimalize buku lomwe ndinagula ku Dedza sabata yatha, kwa bambo wina woyala mabuku akale pansi. Ndinaliyambira mu chapa, minibasi zathu zija, pochokera kumalire a Calómuè, thumba la munthu wina lili pamiyendo panga.

Mabuku a mtundu umenewu pa Chingerezi amawatcha cozy mystery. Munthu amaphedwa m'katauni kakang'ono koma magazi suwaona. Wofufuza si wapolisi ayi, amakhala mayi wophika makeke kapena woyang'anira laibulale, ndipo oganiziridwa ndi anansi okhaokha. Ambiri amati njirayi anailambula ndi Agatha Christie, amene mu 1930 anatulutsa buku loyamba la Miss Marple, gogo wa m'mudzi wa St Mary Mead wogwira zigawenga uku akuluka juzi. Amphaka anabwera pambuyo. Mu 1966 Lilian Jackson Braun wa ku America anayamba nkhani za mphaka wotchedwa Koko, yemwe amalozera mbuye wake, mtolankhani, pamene pali umboni. Masiku ano alembi afika poti mphakayo aziyankhula ndithu. Wa m'buku langali ndi wakuda bii, amanong'oneza mbuye wake yekha, ndipo akangonunkhiza nsapato ya munthu amadziwa ngati mwini wake wanama.

Azakhali anandipeza ndikuseka ndekha. Anakhala pamphasa n'kuyamba kusenda mbatatesi, nati, "Mwana wanga, chikukusekeretsa n'chiyani?" Ndinawafotokozera zonse mwa dongosolo: mayi wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa tauni, mphaka woyankhula, munthu wopezeka atafa kuseri kwa tchalitchi. Mpeni unaima.

"Mphaka akuyankhula?"

"Eya, azakhali."

"Mayiyo amakhala yekha?"

"Yekha."

"Nanga akufufuzanso chiyani? Wapha munthuyo ndi mwini mphakayo!"

Ndinaseka mpaka misozi, koma kenaka kuseka kunatha. Zimene ananena azakhali ndi zimene mudzi wonse ukananena. Kwa alembi a mabukuwa mphaka wamatsenga ndi bwenzi lomwera naye tiyi. Kuno mphaka wachilendo akangolira padenga usiku, m'mawa anthu amayang'anizana, ndipo kadzidzi ndi fisi ndiye osanena. Mayi wa m'bukuyo atakhala wa kwathu kuno, tsamba lachitatu lisanafike akanakhala atamutcha kale mfiti. Ndikukumbukira gogo wina wa kumudzi kwa amayi amene anthu analeka kudya chakudya chake chifukwa mwana wa mnansi anamwalira ndi malungo. Iyenso anali ndi mphaka, wogwira makoswe m'nkhokwe basi.

China chimene chimandidabwitsa n'chakuti m'mabukuwa kawirikawiri mulibe maliro. Munthu wafa Lolemba, Lachiwiri anthu akupikisana kuphika makeke. Palibe wogona pa siwa, palibe wolira. Ife maliro ndi masiku, ndipo dzina la woganiziridwa limayamba kunong'onedwa kumoto wa azibambo, bokosi lisanakhomedwe. Komabe sindibisa, ndimawakonda mabukuwa, chifukwa wofufuza salozera munthu chala asanaone kapu, kalata kapena mapazi m'matope. Wakupha m'bukuli anali msungichuma wa kwaya. Ine ndinkaganizira wapositi.

Madzulo, popita kukaphika, ndinapeza nsomba yatsala imodzi. Mbale yovundikira ili pompo, mwala uli pamwamba pake monga ndinausiyira. Mdzukulu wa azakhali, wa zaka 9, anafulumira kunena kuti waona mphaka akutuluka kukhitchini akunyambita pakamwa. Azakhali anatola chikuni. Ndinawagwira mkono n'kufunsa kuti ndi mphaka uti amene amachotsa mwala, kudya, n'kuubwezeranso.

Mnyamatayo anayamba kupukuta manja pakabudula. Mphaka anali gone pafupi ndi mbaula, ndipo sananene kanthu.