Mmene ndinalimbanirana ndi wondigulitsa poloti mpaka kulandira title deed

Sabata yatha ndiye ndalandira title deed ya poloti yanga ya ku Area 49 ku Lilongwe, patatha zaka ziwiri ndikungoyendera nkhani imodzi. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe.

Mu 2023 tinalemberana pepala ndi bambo amene ankagulitsa malowo, mboni ziwiri zinasaina. Ndinalipira K6 miliyoni kudzera kubanki, K2 miliyoni yotsala tinapangana kuti ndidzapereka posintha dzina. Patangopita miyezi inayi bambo aja anasiya kuyankha foni. Nditapita pamalopo ndinapeza anthu awiri akuyeza ndi tepi, zikhomo zanga atazizula n'kuzitaya m'ngalande.

Kupolisi anati imeneyi ndi nkhani ya civil, mkangano wa anthu awiri osati mlandu wa upandu. Ndinathamangira kwa majisitireti, ndipo tsiku limenelo limandiwawabe. Ndinafika 7 koloko m'mawa, kukhala pabenchi osadya kanthu mpaka dzuwa kupendeka, kenako kalaliki n'kundiuza kuti nkhani ya umwini wa malo a title deed ngati yangayi ndipite nayo ku High Court. Mawu amenewo sakanandiuza m'mawa muja? Tsiku lantchito linapita, ya minibasi inapitanso.

Ndaiwala kutchula chinthu chachikulu. Musanapite kulikonse, pitani ku ofesi ya Lands mukachite search, kufufuza kuti malowo ali m'dzina la ndani, ndipo mukaikitse caution, chenjezo lolembedwa m'kaundula, pa malowo. Ikakhalapo, dzina silingasinthidwe inu osadziwa. Ine ndinachedwa nayo milungu itatu, mwayi wake munthu wachiwiri amene bambo aja ankamugulitsanso malowo anali asanamalize kulipira.

Loya wanga anatenga chiletso kukhoti, n'kupempha kuti bambo aja akakamizidwe kumaliza zomwe tinagwirizana. Ku High Court mumayamba mwadutsa pa mediation, kukambirana pamaso pa mkhalapakati. Kumeneko bambo aja anati andibwezera ndalama zanga. Ndinakana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, K6 miliyoni ija ikanandigulira poloti yake iti mu Lilongwe muno?

Chinandipulumutsa ndi silipi ya kubanki ndi mauthenga a pa WhatsApp omwe iwo anavomera okha kuti alandira ndalama. Loya wawo ataziona anawanong'oneza, patapita milungu iwiri anasaina mapepala osinthira dzina, ine n'kumaliza K2 miliyoni ija.

Ngati ya loya palibe, yesani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Koma caution ija kaikitseni tsiku lomwe wogulitsa wayamba kuzemba foni yanu.