Sewero la pa TV: la anthu ambiri kapena la ochepa?

Sewero lofuna kukopa oonera ambiri liyenera kumugwira woonera m'mphindi zisanu zoyambirira. Mkangano uoneke msanga, anthu akuluakulu a m'nkhani asapitirire anayi kapena asanu, ndipo gawo lililonse lithe mtima uli m'mwamba. Nkhani zake n'zodziwika kale: banja, chikondi, chuma chamasiye. Ngakhale woyambira pakati amatola msanga.

La oonera ochepa, monga la milandu ya kukhoti, limayenda pang'onopang'ono, podalira kuti woonera akukumbukira zimene zinachitika magawo atatu apitawo. Oterewa sachuluka, koma sathawa.

Zimavuta opanga akafuna kukondweretsa onse. Amathiramo chibwenzi chosafunika, okonda zamalamulo aja n'kunyansidwa, pomwe enawo akusokonezekabe ndi mawu a maloya. Mapeto ake sewero limathera pa sizoni yoyamba.