Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Makandulo a ku Manda a Reykjavik

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinatsika ndege pa Keflavik, nditapita ku Iceland kukachita maphunziro a za nsomba a miyezi 6. Ife a ku Mangochi dzina la dzikoli si lachilendo, poti eni ake akhala akuthandiza kwathu pa za usodzi, zipatala ndi madzi akumwa. Za kuzizira ndinachenjezedwa. Chimene chinandipeza chosakonzeka chinali mdima.

Mu Disembala dzuwa limatuluka 11 koloko itadutsa, n'kumangokwawa m'munsi mwa thambo, pofika hafu pasiti 3 lalowa. Ndinkapita m'kalasi kuli mdima, n'kuweruka kuli mdima. Mtima unayamba kulemera, chakudya osakoma.

Mayi wina wachikulire amene tinkagwira naye ntchito mu labu anaona kuti ndafooka. Loweruka lina ananditenga pa galimoto yake. Tinaima pa Thingvellir, pomwe makolo awo anayambitsa nyumba ya malamulo m'chaka cha 930, ndipo tinayenda wapansi mu mng'alu waukulu wa miyala yakuda pomwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Tinakaonanso mathithi a Gullfoss, otsika mamita 32, m'mbali mwake mutaundana madzi. Koma chomwe sindidzaiwala ndi Strokkur. Ndi dziwe laling'ono, lofuka nthunzi, lonunkha ngati mazira owola. Ukamaliyang'ana madzi amatsika, n'kukwera, n'kutsikanso ngati chinthu chopuma. Kenako amatupa n'kupanga chotumphuka chobiriwira, phuu! m'mwamba kuposa mtengo wa mlambe. Patapita mphindi zochepa, abwerezanso. Kutentha kwa pansi komweko n'kumene kumafunditsa nyumba za mumzinda wa Reykjavik, likulu la dzikolo.

Pobwerera anandifotokozera chifukwa chomwe zidzukulu zake zimaikira nsapato pa windo. Ati kumapiri kumakhala anyamata 13 opulupudza, ana a chiphona chachikazi chotchedwa Grýla. Amatsika mmodzimmodzi, kuyambira masiku 13 Khirisimasi isanafike. Wina ngonyambita zipande, wina ngomenyetsa zitseko, womaliza amaba makandulo. Mwana womvera amapeza kamphatso mu nsapato, wosamva amapezamo mbatatesi yowola. Ndinakumbukira nthano za agogo pamoto, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaseka kuchokera pansi pa mtima.

Pa 23 Disembala mayi uja anandidyetsa skata, nsomba yovunditsa dala, ya fungo lobaya m'mphuno mpaka misozi. Ndinadya, poti anandigawira ndi manja awiri.

Tsopano za pa 24. Masana anati, "Tiye ukaone mwamuna wanga." Ndinadabwa titakhota kulowa kumanda. Kwathu kumanda sitipitako wamba. Pamafunika maliro kapena chiliza, ndipo amfumu adziwe. Kuno ndinapeza mabanja athunthu, ana atagwira manja a makolo awo, aliyense akuyenda pa chipale ndi kandulo. Manda onse anali ng'aning'ani, mitanda yowala mbali zonse. Mayiyo anagwada, nasesa chipale pa mwala ndi chikhatho, nayatsa kandulo. Inazima ndi mphepo. Ndinagwada pambali pake n'kutchinga ndi manja anga mpaka inayaka.

Anandifunsa ngati bambo anga alipo. Ndinamuuza kuti anatisiya ndili Fomu 2, ndipo chiwaikire sindinapondekonso pomwe anagona. Sanayankhe kanthu. Anapisa m'chikwama natulutsa kandulo ina, n'kundipatsa pamodzi ndi machesi. Ndinaiika pansi pa kamtengo kopanda masamba, ndikutchula dzina la bambo chamumtima.

Itakwana 6 koloko mabelu a matchalitchi analira mumzinda monse, chizindikiro choti Khirisimasi yayamba. Tinadya, ana anatsegula mphatso, zambiri zinali mabuku. Ine ndinatuluka panja ndi foni n'kuimbira amayi ku Mangochi.

"Amayi, ndikabwera mu Malichi, mukandipemphere kwa amfumu. Ndikufuna ndikalambule pa bambo."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Khasu lawo lija likadalipo."