Januwale uno konzani kaye mapepala, ntchito ikupezeni muli chile

Abale anga amene mukusaka ntchito kuno ku Zomba, mwalowa bwanji chaka? Januwale timamudziwa tonse, ndalama zinathera pa Khirisimasi, landilodi akugogoda, kumudzi akuyimba foni za feteleza wobereketsa, ndiye iwe uli ndi digiri yako ya ku Chanco koma ukudzuka m'kachipinda ku Chikanda osadziwa kolowera. Ma status a WhatsApp onse akuti chaka chino ndi changa. Ameni, koma tikambeko zogwirika.

Zomba ndi tawuni ya boma basi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma kuno kuli NSO (ofesi ya boma ya kalembera ndi kafukufuku), MANEB, National Archives, chipatala chachikulu, yunivesite, apolisi ndi asilikali, pomwe mafakitale akuluakulu ali ku Blantyre uko. Ndiye kalendala ya boma ikukukhudzani, mufune musafune. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, kale paja chinkayamba Julaye, kutanthauza kuti pano maofesi akungomalizitsa zotsalira podikira bajeti yatsopano. Ine ndimati mukaona nyuzipepala zilibe ma vacancy ambiri mwezi uno musayambe kuganiza kuti azakhali anakulodzani, miyezi ino ndi yokonzera mapepala.

Ndipo mapepalawa ndi amene amagwetsa anthu ambiri asanafike n'komwe pa intavyu. Tengani setifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi transcript, muziyale pamodzi muone ngati dzina likufanana, chifukwa pena pa MSCE analemba ndi "l" pa ID ndi "r", kapena kwina mukutchedwa dzina la agogo kwina la bambo, ndipo zoterezi kuzikonza zimatenga nthawi, sizoti vacancy ikutseka Lachisanu inu n'kuyamba kuthamanga Lachinayi. Amene setifiketi inasowa kapena inadyedwa ndi chiswe, MANEB ili konkuno, anzanu amachokera ku Karonga kudzafunsa zomwe inu mungakafunse pa kabaza. Chonde musajambule setifiketi ndi foni ili pabedi, chitenje cha maluwa chikuoneka m'mbali, chala chanu chabisa chidindo. Pitani pa ma shopu a fotokope m'tauni akupangireni sikani yooneka bwino, zonse zikhale PDF imodzi yolembedwa dzina lanu, mudzitumizire nokha pa imelo chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa nthawi yolakwika. Imeloyo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati ija munatsegula muli Fomu 3 ya dzina lopatsidwa ndi anzanu a mpira.

Pa CV ikani manambala awiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo nambala yachilendo ikayimba musayankhe kuti "ndani iwe?" ayi, mwina ndi a HR.

Koma nkhani imene ndikufuna muigwire kwambiri ndi ya timaganyu ta kafukufuku. Ma graduate ambiri amatinyoza, eti ine ndinawerenga zaka zinayi kuti ndizikayenda m'matope ku Jali ndi ku Mayaka kufunsa anthu kuti ali ndi nkhuku zingati? Eya, kayendeni. Kuno kafukufuku sakata, NSO ili pompano, Centre for Social Research ya ku yunivesite ili pompano, mabungwe ali mbwee m'midzi yozungulira nyanja ya Chilwa, ndipo onsewa nthawi ndi nthawi amafuna anthu ofunsa mafunso pa tabuleti. Kontrakiti ya masabata ochepa yomweyo imakupatsani chinthu cholemba pa CV, imakupatsani supavaiza amene wakuonani mukugwira ntchito mvula ikugwa, ndipo ameneyo ndiye referee weniweni, osati amalume anu kapena abusa amene akungodziwa kuti mumayimba kwaya. Survey ina ikabwera supavaiza uja amayamba wayimbira amene sanamuvutitse ulendo watha, mndandanda umayenda choncho. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kuti mulowemo phunzirani KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu ofunsira mafunso pa foni kapena tabuleti, ndi zaulere, bando ya tsiku limodzi ikukwanirani kupanga kafomu kanu n'kuyeserera pa anthu a pakhomo. Excel nayo muidziwedi, osangolemba pa CV. Ngati mumayankhula Chiyao kapena Chilomwe lembani poonekera, kuno ndi ku Machinga chimenecho ndi chuma, ena amachibisa ngati chochititsa manyazi sindimvetsa ine. Laisensi ya njinga yamoto ngati muli nayo ilembeninso. Ma referee auzeni musanawalembe, munthu asadabwe akamuyimbira.

Internship ya boma inayamba mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, ikalengezedwa lembani ngakhale kandalama kake ndi kongogulira sopo ndi thiransipoti. Amene muli ndi MSCE yokha musadziderere, TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ilipo kuyambira 1999, Nasawa Technical College ili m'boma lathu lomwe lino, ndipo wa magetsi kapena wa mapaipi wodziwa ntchito yake sakhala sabata yathunthu osayitanidwa ku Matawale kapena ku Chinamwali komwe anthu akumanga tsiku ndi tsiku.

Za akuba ndinene mwachidule. Wina akakuyimbirani kuti mwasankhidwa koma tumizani kaye kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba ka yunifomu kaya ka medical, dulani foni. Asisi, bwana amene akuti intavyu ichitikira ku lodge madzulo, mumudziwe kale chimene akufuna. Mukapeza ntchito funsani kontrakiti yolemba, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limati probation isapitirire miyezi 12, asamakuuzeni kuti mukuyesedwabe chaka chachiwiri.

China, bisani kandalama ka thiransipoti ya ku Blantyre penapake pamene simungakagwire ngakhale ndiwo zitavuta, chifukwa amatha kukuyimbirani lero kuti intavyu ndi mawa 8 koloko. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo ikutsitsani pa Limbe mukwerenso ina, ndiye lawirirani kukadali mdima, ma original muwakulunge mu jumbo asanalowe m'chikwama, mvula ya mwezi uno siyiwuza munthu.