Zikomo nonse amene munatigwira dzanja mwana wathu atadwala madzi m'mutu

Mwana wathu watuluka m'chipatala ndipo tafika kunyumba ku Phalombe. Opaleshoni inayenda bwino, akuyamwa, usiku akugona. Ine ndi mayi ake tagwirizana kuti tithokoze poyera, chifukwa munatithandiza ndinu ambiri, ena sitinaonanepo n'komwe.

Tiyambe ndi mayi mlangizi wa zaumoyo wa kusikelo kwathu. Ndiwo anaona kuti mutu wa mwana ukukula mothamanga kuposa thupi. Anauyeza ndi tepi, nagwira paliwombo pomwe panali potukuka ndi polimba, kenako anafunsa ngati mwana amasanza komanso ngati maso ake amangoyang'ana pansi. Zonsezo zinalipo. Sanatiopseze, komanso sanatibisire kanthu. Analemba m'buku la kuchipatala kuti tipite kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, ndipo kumeneko anatitumiza ku Queens ku Blantyre. Apo n'kuti m'mudzi ena atayamba kale kunong'onezana kuti mwanayu amulodza. Mayi, mukanachedwa kulankhula, bwenzi tikuzungulira kwa asing'anga mutu ukukulirakulira.

Ku Queens atamujambula anatifotokozera kuti ndi hydrocephalus. Madzi amene ubongo umapanga tsiku ndi tsiku sankapeza njira yotulukira, choncho ankadzadza n'kumakankha chigaza, chomwe mwa khanda chimakhala chisanagwirane. Anamuika shunt, kachubu kochokera m'mutu kodutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu mpaka m'mimba, komwe madziwo amakathera. Madokotala ndi anamwino, makamaka a ku Mercy James, chipatala cha ana cha pa Queens pomwepo chomwe chinatsegulidwa mu 2017, Mulungu akupatseni mphamvu. Namwino wina ankabwereza kufotokoza m'Chichewa chomveka mpaka mayi a mwana atasiya kunjenjemera.

Ena ankatifunsa kuti, "Kodi ku Queens si zaulere?" Inde, opaleshoni, bedi ndi mankhwala sitinalipire. Koma minibasi yopita ku Limbe si yaulere. Wodikirira wodwala amafunika ufa, makala, ndiwo, sopo ndi matewera, ndipo nthawi yonseyo geni ya tomato imene imatidyetsa inali itaima. Pawodi tinaona makolo ena akuganiza zothawa ndi mwana opaleshoni isanachitike, osati posakhulupirira madokotala, koma poti ufa watha ndipo ana ena kumudzi alibe wowayang'anira. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo apa ndi pamene inu munatiimira.

Amayi a Mvano, ufa ndi nyemba zanu zinafika. A banki m'khonde, munatibwereka ndalama usiku, osadikira tsiku la msonkhano, ndipo chiwongoladzanja munachichotsa. Achimwene a ku Joni, ya pa Mukuru ija ndi imene inatikweza galimoto ulendo woyamba. Anzanga amene tinaphunzira limodzi, pagulu la WhatsApp munasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba, wina K500, wina K20,000, ndipo palibe amene anafunsa kuti idzabwerera liti. Apongozi, munasunga ana aakulu n'kupalira munda wathu ngati wanu. Ndithokozenso banja la ku Ndirande lomwe linandipatsa pogona ngakhale ndinali mlendo, atangomva kutchalitchi kuti bambo wina akugona panja.

Ulendo sunathe. Atiuza kuti shunt imatha kutsekeka kapena kulowa tizilombo, choncho mwana akatentha thupi, akayamba kusanza, kugona modabwitsa kapena liwombo likatukukanso, tithamange osadikira tsiku lokamuonanso.

Ndalama yotsala taigawa pawiri. Ina tasunga ya mayendedwe okamuonetsa ku Blantyre, ina tapereka kwa mayi wina amene tinamusiya pawodi khanda lake likudikira opaleshoni yomweyo. Anzanga a pagulu lija agwirizana kuti azisonkhabe mwezi ndi mwezi, kuti kholo lakwathu kuno likatumizidwa ku Queens ndi khanda lisalephere kukwera galimoto. Msonkho woyamba ndi wa kumapeto kwa mwezi uno, ndipo banja lathu lalembetsa kale.